Duwa la nsapato likakana kumasula: nkhani ya madzi, presha ndi nthawi

Pali duwa lina limene ukaliona koyamba umaganiza kuti wina wachita kuliumba ndi phula. Kutsogolo kwake kuli kathumba kooneka ngati kumphuno kwa silipasi, m'mbali muli timasamba tiwiri totambasuka ngati mikono, ndipo pamwamba pali tsamba lina lalikulu loima ngati mbendera. Pachingerezi amati slipper orchid, ife pano tizingoti duwa la nsapato. Mtundu umene umalimidwa kwambiri ndi Paphiopedilum, dzina limene Ernst Pfitzer wa ku Germany anapereka mu 1886 polumikiza mawu awiri: Paphos, mzinda wa pachilumba cha Cyprus, ndi pedilon, liwu la Chigiriki lotanthauza nsapato.

Kwawo kwa Paphiopedilum ndi ku Asia: kuyambira ku India, kudutsa kummwera kwa China, Vietnam, Thailand, Borneo ndi Philippines mpaka ku New Guinea. Ambiri amamera pansi m'nkhalango, pa masamba owolerana, kapena m'ming'alu ya matanthwe momwe simuuma. Ku Africa kuno kulibe duwa la nsapato lomera lokha, ngakhale kuti abale ake a m'banja la orchid tili nawo ochuluka. Ku Nyika kokha kuli mitundu yoposa 200, ndipo chikanda chimene ena mumachidziwa chimapangidwa kuchokera ku timbatata ta pansi ta ma orchid ena.

Anthu amene amalima maluwawa m'miphika ali ndi dandaulo limodzi limene limangobwerabwera. Kuchokera pa mbewu, mmera umatenga zaka zingapo usanabereke. Phata limodzi la masamba limabereka kamodzi kokha pa moyo wake wonse. Mphukira ya duwa imatuluka, phesi likutalika pang'onopang'ono kwa masabata, mwini wake akungosuzumira m'mawa uliwonse. Tsiku lomasula lafika, duwa layamba kutseguka, kenako pakatikati lingoima. Tsamba la pamwamba lija latsala chowerama ngati chipewa chophimba kathumba, timikono tija tagwera kutsogolo. Silinafote, silinafe, koma silipitirira. Ndiye kuti mwini wake adikire phata lina, mwina chaka chathunthu.

Amene mumati fizikisi ndi ya mawaya ndi mababu okha, khalani pansi bwinobwino, chifukwa funso ili mbali yake yaikulu ndi yathu.

Duwa lilibe hinji

Chitseko chimatseguka chifukwa chili ndi hinji ndipo wina wachikankha. Dzanja lanu limatambasuka chifukwa cha minofu. Duwa lilibe zonsezi. Kumasula kwa duwa ndi kukula basi, kukula kofulumira kochitika m'masiku ochepa. Ndipo chodabwitsa n'chakuti panthawiyi maselo atsopano sapangidwa ambiri. Kugawikana kwa maselo kumakhala kutatsala pang'ono kutha mphukira ikadali yotseka. Chotsala n'chakuti maselo amene alipo kale atupe, afutukuke, aliyense akule kangapo kuposa mmene analili. Chowatupitsa ndi madzi.

Madziwo amalowa bwanji? Mwa osmosis yomwe ija ya m'kalasi ya bayoloje. Mphukira ikayandikira kumasula, maselo a timasamba ta duwa amadzaza shuga ndi timichere m'kati mwawo. Shuga wina amachokera ku starch amene anasungidwa momwemo, wina amatumizidwa kuchokera ku masamba obiriwira. Madzi amatsatira, kulowa kudzera pa kachikopa ka selo. Koma selo ya chomera ili ndi khoma lolimba kunja kwake, tsono madzi akamalowa presha imakwera m'katimo. Presha imeneyi amaitcha turgor.

Tiyeni tiwerengere kuti muone kukula kwake. Pali lamulo la van 't Hoff: P = cRT. Titenge selo imene madzi ake ali ndi zosungunuka zokwana 0.3 mol pa lita, ndiye kuti 300 mol pa m³. R ndi 8.31, ndipo pa 25 °C, T ndi 298 K. Chulukitsani: 300 × 8.31 × 298. Mupeza pafupifupi 743,000 Pa, kapena kuti 743 kPa. Imeneyo ndi presha imene selo ingafike itakhala kuti kunja kwake kuli madzi enieni opanda kanthu. Tayala la galimoto yaing'ono timalipopa pafupifupi 220 kPa. Mwaonatu? Kaselo kamene simungakaone ndi maso kangasunge presha yoposa katatu ya tayala.

Presha yokha sikukwana

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndiye tipitepo pang'onopang'ono.

Mu 1965 James Lockhart analemba lamulo losavuta lofotokoza kukula kwa selo ya chomera. Tingalilembe chonchi: liwiro la kukula = m × (P − Y). P ndi turgor ija. Chilembo m chikuimira kufewa kwa khoma la selo, kuti likulola kutamuka mosavuta bwanji. Y ndi presha yochepetsetsa imene iyenera kupyoledwa kuti khoma liyambe n'komwe kutamuka osabwereranso.

Ganizirani thumba la chimanga la makilogalamu 50 lili pa simenti. Mukalikankha pang'ono silisuntha. Mukawonjezera mphamvu pang'ono, silisunthabe. Limayamba kuyenda pokhapokha mphamvu yanu itaposa friction. Khoma la selo limachitanso chimodzimodzi: P ikakhala pansi pa Y, kukula ndi ziro. Osati kukula pang'ono ayi, ziro.

Tsono taonani chimene chimapusitsa alimi. Tiyerekeze kuti Y ndi 400 kPa ndipo P ndi 600 kPa. Kusiyana kwake ndi 200. Kenako madzi achepa pang'ono, P yatsika kufika 450 kPa. Presha yangotsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, koma P − Y yachoka pa 200 kufika pa 50, ndiye kuti liwiro la kukula latsika kanayi. Ikafika 390 kPa kukula kwaimiratu, chikhalirecho 390 kPa ndi presha yambiri, yokwanira kuti masamba aoneke olimba ndi osalala. Manambalawa ndangowasankha kuti tionere chitsanzo, koma mfundo yake ndi yeniyeni: chomera chimasiya kukula chisanayambe n'komwe kuoneka chofota. Mwini duwa akuyang'ana masamba n'kumati zonse zili bwino, pamene mphukira ili pa ludzu.

Nanga akathira madzi mawa, silingapitirize? Nthawi zina limapitiriza, koma osati nthawi zonse, chifukwa m sakhala chimodzimodzi mpaka kalekale. Khoma limafewetsedwa mwadala kwa kanthawi, mothandizidwa ndi mapuloteni monga expansin, amene gulu la Daniel Cosgrove ku America linawatulukira mu 1992. Nyengo yomasula ikatha, khoma limakhwima, m amatsika kuyandikira ziro. Apo ngakhale P ikwere bwanji, chilichonse chochulukitsa ndi ziro ndi ziro.

Kumbukirani sipuling'i ya mu Hooke's law. Mukaikoka pang'ono imabwerera; mukapyola malire imatalika osabwereranso. Mpiru wofota mukauviika m'madzi umadzuka chifukwa kufota ndi kusintha kwa mtundu woyamba uja, kobwerera. Kumasula kwa duwa ndi kwa mtundu wachiwiri, ndipo kuli ndi nthawi yake. Duwa limene masiku akewo linawathera pa ludzu likhoza kukhala masabata asanu ndi limodzi lili lamoyo, lowala bwino, koma lotseka theka.

Chifukwa chiyani limapindikira kunja?

Kukula kokha kukanangopereka mphukira yaikulu. Kuti tsamba lipindike, mbali imodzi iyenera kukula kuposa inzake. A Fomu 3, mwakumbukira bimetallic strip ya mu ayironi yamagetsi? Zitsulo ziwiri zomatidwa pamodzi, china chikafutukuka kwambiri ndi kutentha, zonse zimapindikira ku mbali ya chimene chafutukuka pang'ono. Tsamba la duwa likakula kwambiri ku nkhope ya m'kati kusiyana ndi ya kunja, limapindikira kunja, duwa n'kutseguka. Pa maluwa a tulip ndi crocus zimenezi zimaoneka poyera: kukafunda mbali ya m'kati imakula msanga duwa n'kutseguka, kukazizira ya kunja ndi imene imapambana duwa n'kutsekeka.

Mu 2011 Haiyi Liang ndi L. Mahadevan a ku Harvard anayeza mmene duwa la lily limamasulira, ndipo anapeza chinthu china: m'mphepete mwa tsamba mumatalika kwambiri kuposa pakati pake. M'mphepete mukatalika pamene pakati sipanatalike mofanana, tsamba silingakhale mmene linalili. Limakakamizika kutembenuka, ndipo m'mphepetemo mumachita mafunde. Anayeza pa lily, koma lamulo la kaumbidwe ka zinthu silisankha duwa.

Pa duwa la nsapato, tsamba la pamwamba lija, limene akatswiri amati dorsal sepal, ndi limene limaphimba mphukira ngati chivindikiro, mothandizana ndi lina la pansi. Ulendo wake ndi wautali: kuchoka chowerama pa kathumba kufika poima. Kukula kukaima panjira, ilo ndi limene limaonekera kwambiri kuti latsalira.

Madzi amasowa pati?

Ma orchid ambiri, monga Cattleya, ali ndi tsinde lonenepa losungiramo madzi lotchedwa pseudobulb. Paphiopedilum alibe. Thanki alibe, amadalira zimene mizu yakoka posachedwa, ndi pang'ono za m'masamba. Mizu yakenso si yambiri. Ndiye chilichonse chosokoneza mizu chimafika ku mphukira msanga.

Choyamba n'chodziwikiratu: m'phika wauma. Chachiwiri ndi chimene ine ndimachiona kuti n'chofunika kuchimvetsa kuposa zonse, chifukwa chimamveka ngati bodza: m'phika wanyowa kwambiri. Mizu imapuma, imafuna okisijeni. Makungwa amene amadzalamo maluwawa akawola n'kukhala ngati phala, timipata ta mpweya timadzaza madzi, ndipo okisijeni amayenda pang'onopang'ono kwambiri m'madzi, pafupifupi ka 10,000 kuchedwa kwake poyerekeza ndi mumpweya. Mizu imabanika, imawola, imasiya kukoka madzi. Chomera chili ndi ludzu chili m'madzi. Mwini wake akaona mphukira yaima amathiranso ena, n'kumalizitsa mizu yotsalayo.

Chachitatu ndi mchere. Amene munathirapo feteleza pafupi kwambiri ndi phata la chimanga mukudziwa mmene chimapsera. Ndi osmosis yomwe ija, koma yatembenuka: kunja kwa muzu kukakhala zosungunuka zambiri, kusiyana kumene kumakoka madzi kumachepa, ndipo zikanyanya madzi amatuluka m'muzu. Paphiopedilum sapirira mchere wambiri, ndipo feteleza kapena madzi a pamjigo okhala ndi mchere akamaumira m'phika mwezi ndi mwezi, mcherewo umaunjikana.

Kenako pali mbali yotaya. Madzi amachoka m'masamba ndi m'mphukira ngati nthunzi, ndipo chimene chimalamulira liwiro lake si chinyezi chokha cha maperesenti, koma kusiyana pakati pa nthunzi imene mpweya ungathe kunyamula ndi imene wanyamula kale. Pa 25 °C mpweya wokhuta nthunzi umakhala ndi presha ya nthunzi ya 3.17 kPa. Ngati chinyezi chili 70%, mpata wotsala ndi 30% ya 3.17, umene ndi 0.95 kPa. Tsono tiyeni pa 30 °C, pamene kukhuta kuli pa 4.24 kPa, chinyezi chili 30%, monga masana a mu Okutobala kwathu kuno. Mpata wotsala ndi 70% ya 4.24, pafupifupi 3.0 kPa. Kutentha kwangokwera ndi madigiri 5, koma mphamvu youmitsa yakwera kuposa katatu. N'chifukwa chake zovala zimauma msanga mu Okutobala kusiyana ndi tsiku la chiperoni, ndipo n'chifukwa chakenso alimi a maluwawa amayesetsa kusunga chinyezi chapakati pa 40% ndi 70%. Duwa limene linakulira m'nyumba ya magalasi ya chinyezi, n'kugulidwa lili ndi mphukira, n'kukaikidwa pawindo lotentha, lasintha dziko m'tsiku limodzi pa nthawi yolakwika.

Kuwala kukachepa shuga amachepa, ndiye c wa mu P = cRT watsika. Kuzizira kwambiri kumachedwetsa ntchito yofewetsa khoma ndi kukoka madzi kwa mizu. Zonse zikubwerera ku zilembo zitatu zija.

Mpweya wa nthochi zakupsa

Pali chifukwa china chimene si cha madzi. Mukavundika nthochi pamodzi ndi yakupsa, zinzake zimapsa msanga chifukwa cha mpweya wotchedwa ethylene, C₂H₄, umene zipatso zakupsa zimatulutsa. Umapezekanso mu utsi wa moto, wa fodya ndi wa galimoto. Mu 1901 Dimitry Neljubow wa ku St Petersburg anasonyeza kuti mbande za nsawawa zinkakula chopingasa mu labotale chifukwa cha ethylene wochokera mu gasi wounikira. Kwa duwa, ethylene ndi uthenga wakuti ntchito yatha, yamba kukalamba. Safunika wambiri: ngakhale wosakwana gawo limodzi pa magawo miliyoni a mpweya amakwanira kusokoneza maluwa ena, ndipo a carnation amapinda timasamba tawo n'kukana kutseguka. Mphukira ya orchid ikalandira uthengawu isanamasule imatha kuima, kusanduka yachikasu n'kugwa. Mbale ya nthochi ndi matimati pafupi ndi m'phika wa duwa imakongoletsa tebulo, koma si nzeru.

Nthawi zina vuto limakhala looneka ndi maso. Ma orchid ena amatulutsa timadontho ta shuga pa mphukira. Tikauma timamata timasamba ngati guluu, ndipo mlimi amangonyowetsa ndi madzi ofunda n'kulekanitsa mofatsa. Tizilombo ting'onoting'ono monga thrips timakanda maselo mphukira ikadali yanthete. Pa chipsera sipafutukuka, pamene pozungulira pakufutukuka, ndiye bimetallic strip ija yagwira ntchito pamalo olakwika: duwa limatuluka lokhota kapena lotseguka mbali imodzi.

Pena duwa silinalakwe kanthu

Osafulumira kuweruza. Duwa la nsapato limatenga masiku angapo, pena kuposa sabata, kuti lifike pa msinkhu wake wonse, tsono la tsiku lachitatu likhoza kungokhala kuti lili panjira. Mmera wobereka koyamba kawirikawiri umatulutsa duwa losaumbika bwino poyerekeza ndi la zaka zotsatira, chifukwa masamba ndi mizu yake ikadali yochepa. Ndipo mitundu ina ndi chibadwa chake: Paphiopedilum micranthum wa kummwera kwa China ndi kumpoto kwa Vietnam ali ndi kathumba kakakulu ndi tsamba la pamwamba laling'ono lopendekera kutsogolo. Pa ma hybrid, amene anayamba ndi Paphiopedilum Harrisianum wa John Dominy mu 1869, ena amatengera kwa makolo awo maluwa obulungira ngati kapu. Duwa likamatuluka chimodzimodzi chaka ndi chaka pamene anzake a pambali pake akumasula bwino, yankho lili mu majini, ndipo kusintha kathiridwe sikungathandize.

Ku mapeto ena a sikelo kuli Paphiopedilum sanderianum wa ku Sarawak, ku Borneo, amene timikono take timapitiriza kutalika duwa litatseguka kale mpaka kuyandikira mita imodzi, titalendewera ngati maliboni. Kumeneko ndiye kufutukuka kwa maselo kukapeza madzi ndi nthawi.

Kuthengo si nkhani ya kukongola

Kathumba kaja ndi msampha. Paphiopedilum rothschildianum, amene kwawo ndi kudera la phiri la Kinabalu ku Sabah, ali ndi timadontho ndi tiubweya tofanana ndi nsabwe za zomera. Ntchentche zotchedwa hoverfly, zimene mphutsi zake zimadya nsabwezo, zimabwera kudzaikira mazira, zina n'kuterereka kugwera m'kathumba. M'kati ndi moterera kupatula kanjira kamodzi ka kumbuyo kokhala ndi tiubweya tokwererapo. Potuluka ntchentche imadutsa kaye pa mbali yachikazi, n'kusiyapo mungu umene inabwera nawo, kenako imakhudza mungu wa duwali n'kupita nawo kwina. Duwa limene tsamba la pamwamba latsala litaphimba pakamwa pa kathumba latseka msampha wake lokha, ndipo phata limenelo silidzaberekanso.

Kwa zomera zimene zatsala zochepa, duwa lililonse lotayika limawerengeka. Mitundu yonse ya Paphiopedilum ili pa Appendix I ya pangano la CITES, kutanthauza kuti malonda a pakati pa mayiko a zomera zozulidwa kuthengo ndi oletsedwa. Komabe Paphiopedilum vietnamense, amene anafotokozedwa mu 1999, ndi Paphiopedilum canhii, wa mu 2010, anazulidwa ndi ogulitsa mpaka kutsala pang'ono kutheratu kumene amamera, patangopita nthawi yochepa atadziwika. Kudziwa kuwalima bwino m'miphika, kuti amasule ndi kubereka mbewu, ndi njira imodzi yochepetsera chilakolako cha a kuthengo.

Yesani nokha

Duwa la nsapato mwina simulipeza pafupi, koma tsamba la anyezi lilipo. Dulani tsamba lobiriwira kachidutswa ka masentimita 6, muling'ambe m'litali kukhala timizere topyapyala. Tina muike m'kapu ya madzi ozizira, tina m'kapu ya madzi amene mwasungunulamo masupuni awiri a mchere. Pakatha mphindi 20 kapena 30, ta m'madzi enieni tidzakhala titapiringizika, khungu lakunja lili m'kati mwa mpindo, chifukwa maselo a mbali ya m'kati amwa madzi n'kufutukuka pamene khungu lolimba lakana. Ta mu mchere tidzakhala tofewa, tongogona. Kenako sinthanitsani: totsala mu mchere mutitsuke n'kutiika m'madzi enieni, topiringizika mutiike mu mchere, ndipo mulembe nthawi imene gulu lililonse latenga kuti lisinthe. Amene muli ndi baluni yaitali, matani selotepi mbali imodzi m'litali musanaipope, muone kumene ikhotere.